Uthenga Umene Umautsa Chiwindi: Mafunso ndi Mayankho pa HGF ndi MET

Chiwindi chili ndi luso limene mtima ndi impso zilibe. Dokotala akadulako gawo lalikulu, chotsalacho chimakula mpaka kulemera kwake kufika pafupi ndi mmene kunalili poyamba. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaona zimenezi zikuchitika, koma sankadziwa chimene chimauza maselo kuti nthawi yochulukana yakwana. Lero zikudziwika kuti nkhaniyi yagona kwambiri pa mapuloteni awiri, HGF ndi MET. Chovuta n'chakuti uthenga womwewo umene umapoletsa bala ndi umenenso khansa imadalira pofalikira m'thupi.

Kodi HGF ndi MET n'chiyani?

Maselo a m'thupi sachita zinthu paokhapaokha. Amatumizirana mauthenga kudzera m'timadzi ndi m'magazi, ndipo ambiri mwa mauthengawa amakhala mapuloteni. HGF, imene dzina lake lonse ndi hepatocyte growth factor, ndi imodzi mwa mapuloteni otere. Inadziwika koyamba chifukwa cha mphamvu yake yochititsa maselo a chiwindi kugawikana ndi kuchulukana. MET, imene ena amailemba c-Met, ndi cholandirira uthengawo. Inazika m'kachikopa kokuta selo, mbali ina ili kunja kudikira HGF, mbali ina ili m'kati mwa selo. HGF silowa m'selo kuti ikagwire ntchito. Imangomatirira ku MET, ndipo MET ndi imene imapititsa nkhani m'kati. MET ilibe puloteni ina ya m'thupi yoitumizira uthenga kupatula HGF, ndipo HGF ilibe cholandirira china choiyankha kupatula MET. Malangizo opangira mapuloteni onse awiri, amene amatchedwa majini, ali pa kromozomu 7 mwa anthu.

Anazitulukira bwanji?

Magulu atatu a ofufuza ankafuna zinthu zosiyana, osadziwa kuti akulowera kumodzi. Mu 1984 Toshikazu Nakamura ndi anzake ku Japan anapeza m'magazi a makoswe odulidwa chiwindi chinthu chochulukitsa maselo a chiwindi. Chaka chomwecho George Michalopoulos ku United States anapeza zofanana. Mu 1988 gulu la ku Kagoshima linaipatula puloteniyi m'magazi a odwala amene chiwindi chawo chinasiya kugwira ntchito mwadzidzidzi, ndipo mu 1989 jini yake inadziwika.

Ku Cambridge nako Michael Stoker ankaona zina. Maselo a impso ya galu akamakula m'mbale ya mu labotale amagwirana ndi kupanga timagulu. Koma akawathira timadzi tochokera ku maselo otchedwa fibroblast, ankalekana n'kumwazikana. Mu 1987 iye ndi anzake analemba za puloteni yomwaza maseloyi, yomwe anaitcha scatter factor.

Gulu lachitatu linali la ofufuza khansa. Mu 1984 Colin Cooper, mu labotale ya George Vande Woude ku Frederick m'chigawo cha Maryland, anapeza jini yoyambitsa khansa m'maselo a chotupa cha m'fupa amene anathiridwa mankhwala owononga DNA. Jiniyo ndi MET. Mu 1991 zonse zinakumana: zinatsimikizika kuti scatter factor ndi HGF ndi puloteni imodzi, ndipo Donald Bottaro ndi anzake ku National Cancer Institute, komanso gulu la Paolo Comoglio ku Torino, anaonetsa kuti cholandirira chake ndi MET. Kuyambira pamenepo nkhani yochira ndi nkhani ya khansa sizinalekanenso.

Kodi maselo a chiwindi amadzipangira okha HGF?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Maselo akuluakulu a chiwindi ali ndi MET, koma HGF imachokera kwa anansi awo, makamaka timaselo totchedwa stellate, tomwenso timasunga vitamini A. M'ziwalo zina ntchitoyi ndi ya ma fibroblast. Motero wopanga uthenga ndi wina, woulandira ndi wina.

Komanso HGF imatuluka ili yogona. Imapangidwa ngati chingwe chimodzi cha ma amino acid 728, ndipo imakakamira m'mipata ya pakati pa maselo, n'kumasungika momwemo. Kuti idzuke, enzaimu iyenera kudula chingwecho pamalo amodzi enieni, pakati pa amino acid ya nambala 494 ndi 495. Zidutswa ziwirizo zimakhalabe zolumikizana, koma tsopano zimatha kuyatsa MET. Ena mwa ma enzaimu odulawa ndi matriptase, hepsin ndi HGF activator. HGF activator nayo imadzutsidwa ndi thrombin, puloteni youndanitsa magazi pabala. Choncho pamene pavulala ndi pomwepo pamene HGF imadzuka, osati thupi lonse.

Nanga chimachitika n'chiyani m'selo HGF ikamatirira ku MET?

Ma MET awiri amayandikana n'kugwirana. Mbali yawo ya m'kati ndi enzaimu ya mtundu wa tyrosine kinase, imene ntchito yake ndi kumata fosifeti pa amino acid yotchedwa tyrosine. Akagwirana, amayamba kumatana fosifeti pamalo a nambala 1234 ndi 1235, ndipo enzaimuyo imayaka kotheratu. Kenako fosifeti imamatidwa chakumchira, pa 1349 ndi 1356. Malo awiriwa amasanduka pokocheza mapuloteni ena, makamaka Grb2 ndi Gab1, ndipo Gab1 imaitananso ena ambiri.

Kuchokera apo uthenga umagawika. Njira ya Ras ndi MAPK imafika pachimake pa selo pomwe pali DNA, n'kuyambitsa kugawikana. Njira ya PI3K ndi Akt imaletsa selo kudzipha, chifukwa selo lovulala kwambiri lili ndi dongosolo lodziwononga lokha. Njira ya Rac ndi Rho imasintha timitanda ta m'kati mwa selo kuti limasuke kwa anzake n'kuyamba kukwawa. Pamodzi ndi zimenezi selo limatulutsa ma enzaimu osungunula zomangira zolizinga kuti lipeze podutsa. Mu 1991 Roberto Montesano ku Geneva anaonetsa kuti maselo a impso aja akaikidwa m'phala la collagen n'kupatsidwa HGF, amadzisanja n'kupanga timachubu tanthambi. Uthenga umodzi, zotsatira zinayi: chulukana, usafe, yenda, manga.

Kodi n'zoona kuti chiwindi chimameranso?

Chimabwezeretsa kukula kwake, koma gawo lodulidwalo siliphukanso. Zigawo zotsala ndi zimene zimakula. Mu 1931 Higgins ndi Anderson ku Mayo Clinic anachotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha khoswe, ndipo patatha sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono chinali chitabwerera pakulemera kwake. Mwa munthu zimatenga milungu ingapo mpaka miyezi yochepa. N'chifukwa chake munthu wamoyo angathe kupereka gawo la chiwindi chake kwa wodwala, onse awiri n'kukhala ndi chiwindi chokwanira.

Pa makoswe, HGF ya m'magazi imakwera kuposa ka 10 m'maola awiri oyambirira, chifukwa ija inasungidwa m'mipata ya maselo imamasulidwa. MET imayaka ola lisanathe, ndipo pofika maola 24 maselo ambiri amakhala akukopera DNA yawo. Pambuyo pake HGF yatsopano imapangidwa m'chiwindi momwemo, komanso m'mapapo ndi m'ziwalo zina zakutali. Mu 2004 ofufuza anachotsa MET m'chiwindi cha mbewa, ndipo chiwindicho chinkachira movutikira kwambiri. Komabe HGF sigwira ntchito yokha. Pali cholandirira china, EGFR, chimene chimathandizana ndi MET, ndipo zonse ziwiri zikatsekedwa pa mbewa, kuchira kumaimiratu.

Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani chiwindi cha chidakwa kapena cha wodwala hepatitis B chimatheratu?

Chifukwa dongosololi linapangidwira bala lobwera kamodzi, osati lobwerezabwereza kwa zaka. Mowa, kaya kachasu kaya wa m'mabotolo, ndiponso kachilombo ka hepatitis B kapena C, zimapha maselo tsiku ndi tsiku. Timaselo ta stellate tija tikavutitsidwa kwa nthawi yaitali timasintha khalidwe. Timayamba kutulutsa collagen yambiri motsogozedwa ndi puloteni ina, TGF-beta, imenenso imaletsa kupangidwa kwa HGF ndi kugawikana kwa maselo a chiwindi. Zipsera zimadzaza chiwalo chonse, chimauma n'kuchita zibuluzibulu, ndipo magazi amavutika kudutsa. Awa ndi matenda a cirrhosis, amene amabweretsa chikasu, kutupa mimba ndi kusanza magazi.

Chodabwitsa n'chakuti odwala chiwindi kwambiri amakhala ndi HGF yochuluka m'magazi, osati yochepa. Thupi limapanga yambiri, ndipo chiwindi, chomwe ndi chimene chimaichotsa m'magazi, chimakhala chitafooka. Kuchuluka kwa uthenga sikuthandiza ngati oulandira atsala ochepa ndipo atsekeredwa m'zipsera.

Kodi HGF imagwira ntchito m'chiwindi mokha?

Ayi ndithu. Mu 1995 magulu a ku Germany ndi ku Japan anapanga mbewa zopanda jini ya HGF kapena ya MET. Palibe inabadwa yamoyo. Zonse zinkafera m'mimba bere lili pakati, nsengwa isanakhwime bwino ndipo chiwindi chili chaching'ono. Gulu la Carmen Birchmeier linaonanso kuti tiana ta mbewazo tinalibe minofu ya m'miyendo, ya kunsonga kwa lilime, ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba umene timapumira. Maselo odzapanga minofu imeneyi amabadwira pafupi ndi msana, ndipo amayenera kuyenda ulendo kukafika kumene akufunika. HGF ndi imene imawalondolera njira.

Mwa munthu wamkulu, MET imathandiza maselo a khungu kukwawa kuchokera m'mphepete mwa bala kuti alitseke. Imathandizanso kumera kwa timitsempha ta magazi tatsopano, ndi kuchira kwa impso ndi mapapo. Ngakhale khutu limaidalira: mu 2009 kunapezeka kuti kusintha kwina mu jini ya HGF kumachititsa ugonthi wobadwa nawo m'mabanja ena a ku Pakistan ndi India.

N'chiyani chimazimitsa uthengawu ntchito ikatha?

Funso limeneli ndiye mtima wa nkhani yonse. Pa dima anthu amasonkhana, amalima munda wa mnzawo, amamwa thobwa n'kubalalika. Atapanda kubalalika, makasu aja angalowe m'minda ya eni ake n'kuzula mbewu. Selo nalonso lili ndi njira zobalalitsira ntchito. MET ikayaka, fosifeti imamatidwanso pa tyrosine ya nambala 1003, pafupi ndi kachikopa ka selo. Puloteni yotchedwa Cbl imagwira pamenepo n'kuika chizindikiro chakuti MET imeneyi ichotsedwe. Selo limaimeza n'kukaiphwanya m'kati. Palinso ma enzaimu ochotsa fosifeti, mapuloteni a HAI-1 ndi HAI-2 oletsa kudulidwa kwa HGF yogona, ndiponso chiwindi chimene chimasesa HGF m'magazi m'mphindi zochepa chabe. Uthenga wathanzi ndi waufupi, wapamalo amodzi, ndipo uli ndi mapeto.

Ndiye khansa imalowapo bwanji?

Onaninso zimene MET imachititsa selo: kuchulukana, kukana kufa, kuyenda, ndi kuboola zotchinga. Zimenezi ndi zomwenso chotupa chimafuna kuti chikule ndi kufalikira. Khansa sipeka njira yatsopano, imangoyatsa yakale n'kuswa chozimitsira. Zimachitika m'njira zingapo. Nthawi zina jini ya MET imakoperedwa kambirimbiri, selo n'kudzaza ndi MET yochuluka moti imagwirana yokha popanda HGF, monga zimaonekera m'khansa zina za m'mimba. Nthawi zina kusintha kwa jini kumasiya enzaimu ili chiyakire. Nthawi zinanso maselo ozungulira chotupa amachithira HGF kosalekeza.

Njira yodziwika kwambiri ndi ya exon 14, kachigawo ka jini kamene kali ndi malo a 1003 aja. Kachigawoka kakadumphidwa popanga puloteni, Cbl imasowa pogwira ndipo MET imakhalitsa pa selo ikutumiza uthenga. Vutoli limapezeka mwa odwala 3 kapena 4 pa 100 aliwonse amene ali ndi khansa ya m'mapapo ya mtundu wofala wa non-small cell. Ambiri amakhala achikulire, ndipo ena sanasutepo fodya. Mu 2007 Jeffrey Engelman ndi anzake ku Boston anaonetsanso kuti zotupa zina za m'mapapo zikatsekeredwa njira ya EGFR ndi mankhwala a gefitinib, zimachulukitsa MET n'kupitiriza kukula. Kuthandizana kwa zolandirira ziwiri kumene kumapulumutsa chiwindi, apa kumapulumutsa chotupa.

Kodi vuto la MET ndi la kumtundu?

Kawirikawiri ayi. Kusintha kwa MET kumene kumapezeka m'khansa zambiri kumachitikira m'maselo a chotupa okha, munthu ali kale wamkulu, ndipo sikupita kwa ana. Pali matenda amodzi osowa amene ndi a kumtundu. Mu 1997 Laura Schmidt ndi anzake anapeza kuti mabanja ena amene anthu ake amadwala khansa ya impso ya mtundu wa papillary amabadwa ndi MET yosinthika. Anthu otere amatha kukhala ndi tizotupa tambiri m'impso zonse ziwiri. Umenewu unali umboni wamphamvu wakuti MET ingayambitsedi khansa mwa anthu, osati m'mbale za mu labotale mokha.

Kodi alipo mankhwala otseka MET, ndipo amachiritsa?

Alipo, koma amathandiza odwala amene chotupa chawo chimadaliradi MET. Tepotinib inavomerezedwa ku Japan mu March 2020, capmatinib ku United States mu May 2020, ndipo savolitinib ku China mu 2021. Onsewa ndi mapiritsi a odwala khansa ya m'mapapo ya exon 14. Pa kafukufuku wa capmatinib, zotupa zinachepa mwa odwala 68 pa 100 amene anali asanalandire chithandizo china, ndi 41 pa 100 amene anali atalandirapo. Mankhwalawa amabweza matenda kwa miyezi, koma nthawi zambiri chotupa chimadzapeza njira ina. Vuto lawo lofala ndi kutupa miyendo. Pa khansa ya chiwindi pali cabozantinib, imene imatseka MET pamodzi ndi zolandirira zina. Inavomerezedwa ku United States mu 2019, kafukufuku ataonetsa kuti theka la oimwa linapitirira miyezi 10.2 lili moyo, poyerekeza ndi miyezi 8.0 kwa osaimwa.

Zolephera nazo zilipo. Onartuzumab ndi rilotumumab zinagwa pa mayeso akuluakulu mu 2014, ndipo tivantinib sinathandize odwala khansa ya chiwindi. Phunziro lake linali lakuti kungopezeka kwa MET yambiri pa chotupa sikutanthauza kuti ndi imene ikuchiyendetsa. Pamafunika kuyeza majini a chotupacho kaye. Kuyeza koteroko ndi mankhwala ake ndi zodula kwambiri, choncho odwala ambiri m'maiko osauka sazifikira.

Kodi tizilombo toyambitsa matenda timagwiritsanso ntchito MET?

Tina timatero. Bakiteriya wa Listeria ali ndi puloteni yotchedwa internalin B imene imamatirira ku MET. Selo limanyengeka, limameza MET monga mwa nthawi zonse, n'kumezera bakiteriya kumodzi. Zimenezi zinadziwika mu 2000. Listeria ndi yemwe anadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kudzera mu polony. Helicobacter pylori, bakiteriya wa zilonda za m'mimba, amabaya m'selo puloteni ya CagA imene imayatsa MET kuchokera m'kati.

Malungo nawo amayambira m'chiwindi. Udzudzu ukaluma, tizilombo timathamangira kumeneko n'kuboola maselo angapo tisanakhazikike. Mu 2003 gulu la Maria Mota ku Portugal linaona pa mbewa kuti maselo obooledwawo amautsa HGF, imene imakonzera tizilombo malo abwino m'maselo oyandikana. Ambiri anayembekezera njira yatsopano yopewera malungo. Koma mu 2011 ofufuza a ku Seattle anapeza kuti Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo kamene kamapha anthu ambiri mu Africa, sikadalira MET. Zimene zili zoona pa mbewa sizikhala zoona pa munthu nthawi zonse.

Kodi munthu angamwe kapena kubayidwa HGF kuti chiwindi chake chichire?

Kumwa n'kosathandiza. HGF ndi puloteni, ndipo m'mimba imagayidwa monga nyama ina iliyonse. Kudya chiwindi cha ng'ombe kapena cha nkhuku kumapatsa thupi ayironi ndi vitamini A, koma sikutumiza uthenga uliwonse ku MET. Mankhwala ogulitsidwa m'misika ndi pa intaneti amene amati amatsuka kapena kumeretsa chiwindi alibe umboni wotere, ndipo ena amachiwononga kumene. HGF sifanananso ndi mahomoni okulitsa thupi amene ena amabaya pofuna minofu.

Kubaya kwayesedwa, makamaka ku Japan, pa odwala chiwindi mwadzidzidzi ndi ovulala msana. Zopinga zake ndi zomwe zija zimateteza thupi: HGF imatha msanga m'magazi, imatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo pali nkhawa yodyetsa chotupa chimene sichinaoneke. Mu 2019 Japan inapereka chilolezo chongoyembekezera ku Collategene, mankhwala obaya jini ya HGF m'miyendo yotsekeka mitsempha, koma mu 2024 anachotsedwa pamsika umboni wa phindu lake utapanda kukwana.

Nanga munthu wamba angachithandize bwanji chiwindi chake?

Pochepetsa mabala amene chimalandira. M'maiko a kumwera kwa Sahara khansa ya chiwindi imayamba makamaka ndi hepatitis B, ndipo chiopsezo chimakula kwambiri kachilomboka kakakumana ndi aflatoxin, poizoni wa chuku chomera pa mtedza ndi chimanga zosauma bwino. Malawi anaika katemera wa hepatitis B pa ndondomeko ya katemera wa ana mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chisanafike chakacho sanamulandire ndipo ndi bwino kukayezetsa magazi. Opezeka ndi kachilomboka ali ndi mankhwala monga tenofovir amene amakachepetsa mphamvu. Mtedza ndi chimanga ziume mokwanira zisanalowe m'thumba, ndipo zachuku zitayidwe, osazisandutsa nsinjiro kapena mowa. Wakumwa achepetse kapena aleke, ndipo panado asapitirire mlingo wolembedwa. Zipsera zikakhala zisanafike patali, chiwindi chimatha kubwerera chokha choyambitsacho chikachotsedwa, chifukwa HGF ndi MET zimene thupi lili nazo kale zimakwanira ntchitoyo.